Kodi mumadziwa? Chikhadabo cha tambala chili ndi fupa m'kati

M'makomponi a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, tambala nthawi zambiri sakhalitsa: mlendo akabwera kapena Khrisimasi ikafika, amalowa mumphika. Koma alipo atambala okondedwa, achikuda kapena a Mikolongwe, amene eni ake amawasunga zaka zambiri. Amenewa ndiwo amakula chikhadabo chosongoka chija cha kumbuyo kwa mwendo, chimene amamenyera anzawo.

Chikhadabochi chinapangika ngati nyanga ya ng'ombe. Kunja kuli chikhokho cholimba, m'kati muli fupa lolumikizana ndi la mwendo, ndipo pafupapo pamayenda magazi. Sichisiya kukula. Chikatalika chimang'amba misoti m'nthiti tambala akamakwera, chimavulaza ana osewera pabwalo, mwinanso kupindika mpaka kulasa mwendo wa mwini wake yemweyo, tambalayo n'kuyamba kutsimphina.

Musachigwaze ndi chikwanje, imeneyo ndi nkhanza. Gwirani tambalayo madzulo ali pogona, poti nthawi imeneyo nkhuku siivuta. Wina amukulunge m'chitenje kuti mapiko asakupize, inu mugwire mwendo zolimba n'kumapala nsonga yokha ndi tupa, pang'onopang'ono, mpaka ibunthe. Mukaona kadontho ka magazi lekerani pomwepo, tsinani ufa woyera ndi kukanikiza pabalapo kwa mphindi zingapo. Chimameranso, choncho muzichiyang'ana pakapita miyezi.

Kuchotseratu ndi fupa lomwe ndi opaleshoni yopweteka kwambiri. Imeneyo isiyireni dokotala wa ziweto.