Kodi opaleshoni yokongoletsa thupi imachotsa kudzikayikira?

Amene amatsatsa opaleshoni yokongoletsa thupi pa Facebook ndi TikTok amalonjeza zinthu ziwiri: kuti chiwalo chisintha maonekedwe, ndiponso kuti mwini wake ayamba kudzidalira. Lonjezo loyambalo dokotala waluso akhoza kulikwaniritsa. Lachiwiri ndi limene kafukufuku akulikayikira.

Pano sitikunena za opaleshoni yokonza chimene chinawonongeka, monga kusoka mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika kapena kumasula khungu lokokana la munthu amene anapsa ndi moto. Imeneyo phindu lake n'losachita kufunsa. Tikunena za kucheka thupi labwinobwino: kukulitsa mabere kapena mbina, kupopa mafuta a pamimba, kuwongola mphuno.

Odwala akafunsidwa patapita miyezi ingapo, ambiri amati akukhutira ndi chiwalo chimene chinakonzedwacho. Zimenezi n'zoona ndipo tisazibise. Vuto n'lakuti kafukufuku wambiri wa mtunduwu amatsata anthu kwa nthawi yochepa, ndipo nthawi zambiri sawayerekeza ndi anzawo amene sanachitidwe opaleshoni. Komanso munthu amene walipira ndalama zambiri savomera msanga kuti sizinamuthandize.

Kafukufuku wa ku Norway, amene Tilmann von Soest ndi anzake anasindikiza mu 2012, anayenda njira ina. Anatsata atsikana pafupifupi 1,600 kwa zaka 13, kuyambira asanachitidwe opaleshoni iliyonse. Anapeza kuti amene anali kale ndi nkhawa, kukhumudwa kapena mbiri yodzivulaza ndi amene ankakonda kusankha opaleshoni, ndipo atachitidwa, mavutowo anakula kuposa a anzawo. Izi sizikutsimikiza kuti mpeni ndi umene unawadwalitsa. Chimene tikuona n'chakuti sunawachiritse. Ku Sweden, Denmark ndi Finland nakonso, amayi amene anakulitsa mabere anapezeka kuti ankadzipha kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amayi ena, ndipo ofufuza ambiri amati gwero lake ndi mavuto a maganizo amene analipo kale.

Pali gulu lina lofunika kulizindikira msanga. Awa ndi odwala matenda a maganizo otchedwa body dysmorphic disorder, amene amachititsa munthu kuona chilema chachikulu pamene ena sakuona kanthu. Amatha maola ambiri pagalasi, kapena amathawa galasi ndi kamera, ndipo ena amasiya sukulu kapena ntchito. Matendawa amagwira anthu pafupifupi awiri mwa 100 alionse, koma pakati pa ofuna opaleshoni yokongoletsa chiwerengerocho chimakwera kangapo. Kwa iwo opaleshoni kawirikawiri sithandiza. Mphuno ikakonzedwa, nkhawa imasamukira kuchibwano. Chimene chimawathandiza ndi uphungu wa akatswiri a maganizo ndi mankhwala monga fluoxetine.

Nanga thupi limalipira chiyani? Opaleshoni yotchuka yokulitsa mbina, imene amaitcha BBL, imatenga mafuta pamimba kapena m'ntchafu n'kuwabaya m'matako. Mafutawo akabayidwa mkati mwa minofu akhoza kulowa m'mitsempha ikuluikulu, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kufera pomwepo. Mu 2017 madokotala a ku America anayerekeza kuti munthu mmodzi mwa pafupifupi 3,000 ankamwalira, ndipo mu 2018 bungwe la madokotala a opaleshoni yotereyi ku Britain linalangiza mamembala ake kuti ayambe asiya kuichita. Njira yobaya pansi pa khungu pokha yachepetsa ngoziyi, koma si aliyense wotsatsa pa intaneti amene amaitsatira. Ndalama nazonso sizitchinjiriza. Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria, anamwalira mu 2005 ku Spain atachitidwa opaleshoni yopopa mafuta. Ku France kampani ya PIP inapezeka mu 2010 ikuika silikoni wa m'mafakitale m'zokulitsira mabere, amayi mazanamazana a masauzande m'mayiko ambiri atavala kale.

Chinthu china chimene otsatsa satchula chikukhudza khungu lathu. Anthu akuda timachita keloid, chipsera chotupa chimene chimakula kupitirira bala, kaŵirikaŵiri kuposa azungu. Mayi amene khutu lake linatupa atangoboola kuti avale ndolo ayenera kuuzidwa kuti zomwezo zikhoza kuchitika pabere kapena pamimba, ndipo keloid akangodulidwa popanda chithandizo china amakonda kubwerera.

Kwa ine, yankho la funso lathu likudalira chimene munthuyo akuyembekezera. Amene wakhala akuvutika ndi chiwalo chimodzi kwa zaka, akudziwa malire a opaleshoni, ndipo wasankha yekha, akhoza kukhutira. Amene akufuna kuti mwamuna asiye zibwenzi, kapena kuti afanane ndi chithunzi chokonzedwa pafoni, adzabwerako ndi chipsera komanso ngongole, vuto lili pomwepo. Choncho wina akakufunsani maganizo, musayambe ndi kumudzudzula. Mufunseni kuti maganizowa anayamba liti, ndani anayamba kunena za thupi lake, amatha nthawi yaitali bwanji patsiku akuliganizira, ndipo akuyembekezera kuti chisinthe n'chiyani m'moyo wake. Ngati sakugona, akudzipatula kapena anaganizapo zodzipha, mutumizeni kwa a zaumoyo wa maganizo.

Kunena zoona, ambiri amene mudzakumane nawo kusikelo kapena m'mudzi alibe ndalama zokwerera ndege kupita ku Johannesburg kapena Istanbul. Chikhumbo n'chomwecho, koma amagula zotchipa: mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone, mercury kapena clobetasol, ndi mapiritsi onenepetsa, amene ena mwa iwo ndi dexamethasone. Mankhwala omalizawa sakulitsa mbina. Amafufumitsa nkhope ndi mimba, miyendo n'kumaonda, amakweza shuga ndi BP, ndipo amafooketsa chitetezo cha m'thupi mpaka TB kupeza mpata. Mukaona mtsikana wa nkhope yozungulira mwadzidzidzi ndi mizere yofiirira pamimba, mupempheni akuonetseni zimene akumwa. Ngati wamwa kwa milungu ingapo asasiye tsiku limodzi, chifukwa BP ikhoza kutsika moopsa mpaka kukomoka. Apite kuchipatala kuti akamuchepetsere pang'onopang'ono.