Chifukwa chake mapu akale a ku Italy ankalakwitsa nyanja ndi mitsinje ya mu Africa

Mapu amene ankasindikizidwa ku Venice ndi ku Rome, m'dziko la Italy, kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka za m'ma 1700, akusungidwa lero m'nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale monga chuma cha mtengo wapatali. Koma munthu wa m'chigawo chino akawayang'anitsitsa amadabwa kuona nyanja zili pamalo olakwika ndiponso mitsinje yotalikirana ikutuluka pa gwero limodzi.

Gwero la zolakwikazi ndi lakuti ojambulawo sankapita ku maiko amene ankajambula. Ankakhala kwawo n'kumasonkhanitsa nkhani za amalinyero, amalonda ndi amishonale. Pomwe nkhanizo zathera, ankadalira buku la Ptolemy, katswiri wa ku Alexandria amene analemba cha m'ma 150 AD.

Ptolemy anaphunzitsa kuti mtsinje wa Nile umachokera ku nyanja ziwiri zolandira madzi kuchokera ku Mapiri a Mwezi. M'chaka cha 1564, Giacomo Gastaldi wa ku Venice anatulutsa mapu aakulu a Africa pa mapepala asanu ndi atatu. Magombe anawajambula bwino ndithu potsata maulendo a Apwitikizi, koma mkati mwa dziko anaikamo nyanja ziwiri zija, kum'mwera kwambiri, imodzi ikutulutsa Nile ndi Congo yemwe. Chithunzi chimenechi chinakoperedwa ku Ulaya kwa zaka zoposa 100, ndipo Mzungu woyamba kuona pomwe Nile amatulukira m'nyanja ya Victoria anali John Speke, m'chaka cha 1862.

Ufumu wa Mutapa nawonso unakuzidwa mopitirira. Ufumuwu unali kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Zimbabwe ndi m'chigwa cha Zambezi, koma mbiri ya golide wake inachititsa kuti dzina loti Monomotapa lizilembedwa modutsa pafupifupi chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa.

Vuto lina linali la kayezedwe. Woyenda panyanja ankatha kudziwa kutalika kwa ulendo wake cha kumpoto kapena kum'mwera poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, koma kuyeza cha kum'mawa kapena kumadzulo kunkafuna wotchi yosaphonya. Wotchi yotere, yopangidwa ndi John Harrison wa ku England, inayesedwa panyanja kuyambira m'chaka cha 1761. Isanabwere, maiko ankatambasuka kapena kufinyika pa pepala.

Ndalama nazo zinkasunga zolakwa. Mapu ankazokotedwa chobwerera pa lata la mkuwa, ntchito yotenga nthawi yaitali komanso yodula. Choncho osindikiza ankagwiritsabe ntchito malata akale ngakhale nkhani zatsopano zitafika, ndipo ankakoperana okhaokha.

Si Africa yokha imene inakhudzidwa. Vincenzo Coronelli wa ku Venice, amene pakati pa 1681 ndi 1683 anapangira mfumu Louis XIV ya ku France mipira iwiri ikuluikulu, wina woonetsa dziko lapansi wina thambo, anajambula California ngati chilumba. Eusebio Kino, wansembe wobadwira kumpoto kwa Italy, anayenda pamtunda m'deralo n'kuonetsa kuti California ndi wolumikizana ndi mtunda waukulu. Mapu ake anasindikizidwa mu 1705, komabe chilumbacho chinapitirira kuoneka pa mapu ena kwa zaka zambiri.

Mitundu yokongola ya pa mapuwa inkapakidwa ndi manja pepala likachoka pa makina, chifukwa makinawo kawirikawiri ankasindikiza inki yakuda yokha. Wopaka ankatsata mizere ya wozokota, motero malire ongoganizira ankaoneka ngati otsimikizika. Mapu ambiri anagulitsidwa opanda mitundu ndipo anapakidwa patadutsa zaka mazana, zomwe ogula ayenera kusamala nazo. Chimodzi mwa zizindikiro zimene akatswiri amayang'ana ndi utoto wobiriwira wakale, wopangidwa kuchokera ku mkuwa, umene pakapita nthawi umalowerera mpaka kuseri kwa pepala n'kusiya banga lofiirira.

Ngakhale ali ndi zolakwa, mapuwa ali ndi phindu kwa ofufuza mbiri. Maina ngati Sofala, Monomotapa ndi Cuama, dzina lakale la Zambezi, amaonetsa njira zimene nkhani zinkadutsa kuchoka mkati mwa dziko kupita kugombe. Nyanja zazikuluzo zinalipodi. Chimene chinasokonekera ndi malo ake ndi kuchuluka kwake.

Jean-Baptiste d'Anville wa ku France, pa mapu ake a 1749, anafufuta zambiri zopanda umboni n'kusiya malo aakulu opanda kanthu, koma anasiyapo nyanja yaitali yotchedwa Maravi. Apa n'kuti kutatsala zaka 110 kuti David Livingstone afike pa nyanja ya Malawi mu 1859. Mbiri ya nyanjayi inali itafika kale ku Ulaya kudzera mwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, amene anaimva kwa eni dziko.