N'chifukwa Chiyani Ndege Zing'onozing'ono Zimachita Ngozi Potera?

Ambiri a ife tinaonapo ndege yaing'ono ikudutsa m'mwamba. Ena amauluka nayo pongosangalala, ena pokaona nyama zakutchire. Imodzi mwa ndege zotere ndi Cessna 172. Inayamba kugulitsidwa mu 1956. Imanyamula anthu anayi okha.

Ngozi zambiri za ndege zimenezi zimachitika potera. Kawirikawiri injini imakhala ili bwinobwino. Amene amalakwitsa ndi woyendetsa. Tiyeni tione mmene amalakwitsira.

Choyamba ndi liwiro. Cessna 172 imatsikira pabwalo pa liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola. Liwiro likachuluka, ndege imapitirira bwalo n'kukagunda mitengo. Likachepa kwambiri, mapiko amalephera kuinyamula, ndipo imagwa mwamphamvu.

Chachiwiri ndi mphepo. Ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo, monga imachitira mbalame. Pabwalo pamakhala nsalu yooneka ngati thumba, yomangidwa pamlongoti. Nsaluyi imasonyeza kumene mphepo ikuchokera. Woyendetsa akapanda kuiyang'ana, mphepo yam'mbali imakankhira ndege kunja kwa bwalo.

Chachitatu ndi malo okwera. Mzinda wa Lichinga uli pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera panyanja yamchere. Mpweya wa kumalo otere ndi wopepuka, makamaka dzuwa likatentha. Choncho ndege imafika pansi ikuthamanga kwambiri, ndipo imafuna bwalo lalitali. Woyendetsa woiwala zimenezi bwalo limamuthera.

Nanga woyendetsa wanzeru amatani? Akaona kuti zinthu sizikuyenda bwino, satera mokakamiza. Amawonjezera mphamvu ya injini, amakweranso m'mwamba, amazungulira, kenako amayesanso. Pamenepa palibe manyazi. Kuthamanga si kufika.

Nafenso tili ndi udindo. Mabwalo ena a ndege ndi a fumbi, ndipo ali pafupi ndi midzi yathu. Tisadyetsepo ng'ombe kapena mbuzi. Tisadutsepo ndi njinga. Tiletse ana kuseweretsapo mpira. Ndege ikatera, tiime patali mpaka injini itazima. Chitsulo chozungulira cha kutsogolo kwake sichioneka bwino, koma chimapha.

Bwalo likakhala lopanda kanthu, woyendetsa amatera mtima uli m'malo, ndipo ife timakhala otetezeka.

Tiyeni tikambirane:
1. Tchulani zinthu zitatu zimene woyendetsa amalakwitsa potera.
2. Kodi nsalu yapamlongoti ili ndi ntchito yanji?
3. Kodi ife tingathandize bwanji kupewa ngozi?