Musagule masipika okunyengererani

Achinyamata opanga mabiti amandifunsa funso limodzimodzi: "Bwana, nyimbo yanga m'chipinda imagunda bwino, koma ndikaisewera m'galimoto besi yathawa. Kodi vuto ndi FL Studio?" Ndikawafunsa kuti pomikisa amamvetserera pa chiyani, ambiri amati pa sabuwufa ya pabalaza. Vuto limakhala pamenepo.

Masipika a pabalaza anawapangira kusangalatsa khutu. Amanenepetsa besi ndi kunola mawu a pamwamba kuti nyimbo iliyonse ikome. Mukamamikisira pa masipika otere mumamva besi imene mu nyimbo yanu mulibe, ndiye mumaichepetsa. Amene amamikisira pa timasipika ta laputopu zimawachitikira mosemphana: besi samaimva n'komwe, amangoonjezera, nyimbo ikafika mu minibasi mawu a woimba amamira. Monita ya mu situdiyo ntchito yake ndi kutulutsa mawu otsika ndi okwera mmene munawajambulira, popanda kukondera mbali ina. N'chifukwa chake munthu akamva mamonita koyamba amakhumudwa, amati ndi ouma. Kuumako ndi kumene mukulipirira.

Sipika yotchuka kwambiri m'mbiri ya masitudiyo, Yamaha NS-10M ya wufa (sipika yaikulu yotulutsa besi) yoyera ija, inatuluka mu 1978 ngati ya m'nyumba, ndipo anthu sanaikonde kwenikweni. Inali yolasa m'makutu moti akatswiri ena, kuphatikizapo Bob Clearmountain, ankaphimba kasipika kake ka pamwamba ndi tishu. Komabe inalowa m'masitudiyo akuluakulu chifukwa nyimbo ikamveka bwino pa iyo, inkamveka bwino kwina konse; anasiya kuipanga mu 2001. Bruce Swedien, yemwe anamikisa Thriller ya Michael Jackson ya mu 1982, ankayesera nyimbo zake pa timabokosi ta Auratone, tomveka ngati wailesi wamba. Anthu amenewa ndalama anali nazo. Ankangofuna sipika yosabisa zolakwika.

Tsono tifike pa kukula, pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Aliyense amalakalaka wufa ya mainchesi 8, poti yaikulu imaoneka yaulemu alendo akalowa. Ine ndimati yang'anani kaye chipinda chanu. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. M'chipinda cha mamita 3 mulifupi, mawu a pafupi ndi 57 Hz amagunda khoma ili, n'kubwerera khoma linalo, n'kumadziunjikira okha. Mukaima pafupi ndi khoma besi imeneyo imachuluka, mukakhala pakati penipeni imatsala pang'ono kuzimiririka. Yesani nokha: ikani log drum ya amapiano izingobwereza, muziyenda m'chipindamo pang'onopang'ono. Mumva noti imodzi ikufufuma pakona, ikusowa pakati, chonsecho sipika ndi yomweyo. Zipinda zathu zambiri ndi za njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti, ndipo zonsezi zimabweza mawu. Kuika wufa yaikulu m'chipinda chotere n'kungochulukitsa besi yabodza.

Kwa munthu wogwirira ntchito m'chipinda chogona, mainchesi 5 ndi okwana. Zoona, monita yotere siifika bwino pa 41 Hz, pomwe pali chingwe chotsikitsitsa cha besi gitala ya zingwe zinayi. Koma mawu a woimba, gitala, kiyibodi ndi sineya amakhala pakati pa mawu otsika ndi okwera, ndipo pakatipo ndi pomwe foni ndi wailesi zimatulutsa, zimene omvera anu ambiri ali nazo. Besi ya pansi kwambiri muziiyesera pa mahedifoni abwino, omwe chipinda sichiwasokoneza.

Pa mitengo yofikirika pali mayina angapo odziwika. JBL 305P MkII imamveka bwino ngakhale mutasendera pambali pang'ono, koma mukaiyandikira kwambiri m'chipinda cha zii mumamva kamluzu kochepa. Yamaha HS5 besi yake ndi yochepa koma mawu a woimba siwabisa. Ine pomikisa mawu ndimaikonda. KRK Rokit 5 ya wufa yachikasu opanga hip hop amaikonda chifukwa imalimbikitsa popanga biti, koma muiphunzire bwino musanaikhulupirire pa besi. Kali LP-6 ndi ya mainchesi 6.5, yoyenera chipinda chokulirapo. PreSonus Eris 3.5 ndi yotsika mtengo pa onsewa, ndipo poyambira ndi yabwino kuposa sabuwufa iliyonse, koma ili ndi malire ake. Chinthu chimodzi chimene ogula saunika ndi bowo lotulutsira mpweya. Pa HS5 ndi JBL lili kumbuyo, pa Rokit ndi Kali lili kutsogolo. Ngati tebulo lanu lagunda khoma, la kutsogolo silivutitsa kwambiri. La kumbuyo limafuna mpata, kapena mutsitse besi ndi kaswitchi kamene opanga amaika kuseri kwa bokosi, kamene anthu ambiri sakakhudza mpaka sipika kutha.

Pogula pali misampha. Mamonita ambiri mtengo wolembedwa ndi wa imodzi, osati wa awiri, choncho funsani musanatumize ndalama. Ngati m'bale wanu akukutumizirani kuchokera ku America, aone kaye cholembedwa kumbuyo: kumeneko magetsi ndi 120 V, kuno ndi 230 V, ndipo mitundu ina siisintha yokha. Mukangolumikiza, utsi. Ochokera ku South Africa kapena ku Britain alibe vuto limeneli. Mukagula ogwiritsidwapo kale, imbitsani nyimbo ya besi yambiri mopanda phokoso, mumvetsere ngati wufa ikukhula penapake kapena kunjenjemera. Ndipo poti magetsi akazima amatha kubwerera ndi mphamvu, kachipangizo kotetezera kaja timaika pa firiji n'kotchipa kuposa kukonzetsa ampu ya m'kati mwa sipika.

Musathere ndalama zonse pa mabokosi. Mufunika audio interface, kaya Focusrite Scarlett kaya Behringer yotchipirapo, ndi mawaya a XLR kapena TRS, amene amathandiza kuletsa kulira kwa magetsi kolowera m'mawaya. Mufunikanso kuchepetsa kubweza kwa makoma. Mathileyi a mazira aja ayi, amangosonkhanitsa fumbi ndi mphemvu. Ndi opyapyala kwambiri kuti agwire besi. Makatani olemera, kapeti, matiresi oimika kukhoma la kumbuyo ndi shelefu ya mabuku zimachita zambiri kuposa iwo.

Kaikidwe nako n'kaulere. Masipika awiri ndi mutu wanu zipange ngodya zitatu zotalikirana mofanana, pafupifupi mita imodzi, timasipika ta pamwamba tiloze m'makutu mwanu. Musawakhazike patebulo penipeni. Ikani siponji yolimba pansi kuti thabwa lisaimbe nawo. Voliyumu ikhale yoti mungacheze ndi mnzanu osakuwa. Kuyambira 1933, pomwe Fletcher ndi Munson anayeza kamvedwe ka khutu, tikudziwa kuti phokoso likakwera besi imamveka yambiri kuposa mmene iliri pa voliyumu wamba, ndiye nyimbo iliyonse imakoma ikakwezedwa. Komanso kukhala maola 8 tsiku lililonse pa phokoso loposa 85 dB kumawononga makutu, ndipo amenewo sagulitsa.

Mamonita akafika, sabata yoyamba musamikisirepo kanthu. Imbitsani nyimbo zomwe mumazidziwa pamtima, zojambulidwa bwino, za mtundu womwe mumapanga, mpaka mudziwe mmene besi yokwana imamvekera pa masipika amenewo m'chipinda chimenecho. Mukayamba kumikisa, nyimbo imodzi mwa izo izikhala pambali pa yanu mu pulojekiti, pa voliyumu yofanana, muzisinthasintha. Mukamaliza, itumizeni pa foni, muimvenso m'galimoto, mulembe zomwe zasintha, kenako mubwerere kukakonza.