KODI MAWATI 5 ANGAFIKE KWATHU?

Abale athu a ku Malawi ndi a ku Chipata amene muli pa nchito kuno ku Gaborone, lero tifuna kukamba nanu za wailesi, koma si ija yomvera nyimbo ndi nkhani ai. Tinena za wailesi imene munthu wamba aisunga m'nyumba mwace, nalankhula nayo ndi anzace a m'maiko akutali, osalipidwa ndi munthu, koma cifukwa ca kukonda nzeruyo basi. Anthu otere m'Cingerezi achedwa ma amateur. Funso limene timva kwa iwo ofuna kuyamba ndi ili: "Kodi ndigule makina a mphamvu yotani kuti mau anga akafike kwathu?" Funsoli likhudza thumba, pakuti makina a mphamvu yaikuru adya ndarama zambiri, ndipo ndarama zomwezo ali kuziyembekeza ana a sukulu ndi makolo kumudzi. Cifukwa cace tiyeni tiwerenge bwino tisanagule.

Mphamvu ya makina otumiza mau iyesedwa ndi mawati, monga ya nyali ya magetsi. Ketulo ya magetsi idya mawati ngati 2,000. Nyumba ya mphepo yoyamba ya ku Lusaka, imene Boma linatsegula m'caka ca 1941 kuti ifalitse nkhani za nkhondo, inayamba ndi mawati 300 okha. Makina ambiri a ma amateur apereka mawati 100, koma alipo anthu ena amene akondwera ndi mawati 5 kapena ocepera apo, ndipo kacitidwe kao akacha QRP.

Anthu a QRP ali ndi muyeso wao. Atenga mtunda umene mau anayenda, naugawa ndi mawati amene anatumiza. Bungwe lao lina la ku America, QRP Amateur Radio Club International, lipereka kalata ya ulemu kwa munthu amene akwanitsa mailosi 1,000 pa wati imodzi. Tsono tiyese ndi malo amene tiwadziwa. Kucokera ku Gaborone kufikira ku Lilongwe, poongoka osatsata mseu, pali mailosi ngati 900, ndiwo makilomita 1,450. Wofika kumeneko ndi mawati 100 wapeza mailosi 9 pa wati imodzi. Wofika ndi mawati 5 wapeza mailosi 180. Ku London kuli mailosi ngati 5,500, kotero womveka kumeneko ndi mawati 5 wapeza mailosi 1,100 pa wati imodzi, ndipo kalata ija aiyenera.

Koma pano cenjerani, pakuti muyeso umenewu unyenga ambiri. Munthu angaganize kuti akaonjezera mawati kawiri, mailosi aonjezekanso kawiri. Si comweco ai. Mau a wailesi amwazika monga kuunika kwa nyali, ndipo pamalo poyera popanda cochinga, kuti amveke cimodzimodzi pa mtunda wowirikiza kawiri, pafunika mphamvu yowirikiza kanai. Pa wailesi yolandira pali kasingano kosonyeza kukula kwa mau, ndipo masitepe ace awerengedwa kuyambira S1 kufikira S9. Kukweza kasinganoko sitepe imodzi kufuna mphamvu kanai. Kucokera pa mawati 5 kufika pa 20 ndi sitepe imodzi. Kucokera pa 20 kufika pa 80 ndi sitepe yaciwiri. Cotero wa mawati 100 apambana wa mawati 5 ndi masitepe awiri ndi kanthu pang'ono basi. Ngati woyambayo amveka ku Lilongwe pa S9, mnzaceyo amveka pafupi ndi S7, ndipo amenewo ndi mau omveka bwino ndithu.

Nanga cimene cinyamula mau ndi ciani? Kumudzi tidziwa kuti ng'oma yomweyo imene masana siimveka kutsidya kwa dambo, usiku imveka midzi itatu. Wailesi nayonso iri ndi nthawi yace ndi njira yace. Kumwamba kweni kweni, makilomita ngati 300, kuli mpweya umene dzuwa liusanduliza kuti ubweze mafunde ena a wailesi pansi. Akatswiri aucha ionosphere. Mafunde ochedwa aafupi, monga a mamita 40 ndi a mamita 20, akwera kumeneko, nabwerera pansi kutali, nakweranso. Kulumpha kumodzi kungafike makilomita 4,000. Ku Lilongwe kukwana kulumpha kumodzi. Ku London kufuna katatu kapena pamenepo. Akuru anati tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha, ndipo ndi momwemo. Amene anaonetsa dziko phindu la mafunde amenewa ndi ma amateur omwe. Mu November 1923 Léon Deloy wa ku Nice m'dziko la France analankhulana ndi Fred Schnell wa ku America pa mafunde aafupi, amene akuru a nthawiyo anawayesa opanda nchito.

Mpweya umenewo usintha ndi maora, ndi nyengo, ndiponso ndi mphamvu ya dzuwa imene ikwera ndi kutsika pa zaka ngati 11. Pa mtunda wa kwathu, mafunde a mamita 40 acita bwino madzulo, usiku ndi m'mamawa, pamene a mamita 20 akonda masana. Wosankha ora lolakwika angapfuule ndi mawati 1,000 osamveka konse.

Mafunde ena, monga a mamita 2 a pa wailesi za m'manja, kawirikawiri sabwerera pansi. Ayenda poongoka monga maso aona. Mawati 5 omwe aja pa wailesi ya m'manja, munthu ali pakati pa nyumba za m'tauni, angalephere kufika ku Lobatse, makilomita 70 okha. Koma munthu yemweyo akakwera phiri la Kgale, mau ace afika kutali kopambana, osaonjeza wati ngakhale imodzi. Pa mafunde aafupi cofanana ndi phiri ndico waya wa mlongoti. Waya wa mamita 20 m'litali, wolumikizidwa ku makina pakati pace, ukwana mafunde a mamita 40, ndipo kuukweza pamwamba kwa denga ndi mitengo kuthandiza koposa, pa mtengo wocepa.

Sitinena kuti mphamvu iribe nchito. M'tauni muli phokoso lambiri la zipangizo za magetsi, ndipo tsiku limene phokosolo lifika pa S7 kwa womvera, masitepe awiri aja ndiwo asiyanitsa womveka ndi wosamveka. Cimene tinena ndi ici: yambani ndi waya ndi ora, mphamvu idze pambuyo.

Wofuna kuyesa yekha acite motere. Apangane ndi mnzace wakutali, natumize pa waya yemweyo, pa ora lomwelo, poyamba ndi mawati 100, kenaka 20, kenaka 5, kenaka imodzi, mnzaceyo nanena kasingano kasonyeza pati. Zonse azilembe m'buku: tsiku, ora, mafunde, mawati ndi yankho. Abwereze masiku ambiri, pakuti mwai wa usiku umodzi suli muyeso. Iriponso njira yochedwa WSPR, imene anaikonza Joe Taylor wa ku America m'caka ca 2008, yemwe analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1993. Kompyuta itumiza dzina la wailesi, malo ace ndi mphamvu yace pa mphindi ziwiri, ndipo mawailesi onse amene amva alemba pa intaneti. M'mawa mwace munthu aona pa mapu kumene mau ace anafika. Ambiri acita zimenezi ndi mphamvu yosakwana wati imodzi.

Cinanso cikomera mphamvu yocepa. Mu March 2023, pamene namondwe Freddy anakantha Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, magetsi anazima, miseu inaduka, ndipo ambiri okhala kunja anasauka mtima posamva za abale. Makina a mawati 5 ayenda ndi batire laling'ono lodzazidwa ndi dzuwa, pamene a mawati 100 atsiriza batire lotero msanga. Komabe mau afika pokhapo ngati kwathuko kuli munthu wina wa makina ndi cilolezo.

Pomariza, kumbukirani lamulo. Kutumiza mau popanda cilolezo ndi mlandu. Kuno cilolezo cicokera ku BOCRA, ku Malawi ku MACRA, ku Zambia ku ZICTA. Dzina la wailesi ya m'Botswana liyamba ndi A2, la ku Malawi ndi 7Q, la ku Zambia ndi 9J. Wailesi imeneyi si ya malonda, ndipo zonse muzinenapo azimva ali yense. Funsani kaye ku BOCRA, kwezani waya, gulani buku lolembamo; ndarama zotsalazo zipite kumudzi.