Ndodo za gofu zidamufikitsa Madalitso ku America

Loweruka m'mawa, pomwe anthu a ku Mpingwe ndi ku Bangwe amakhala akulimbirana maminibasi opita kumsika wa Limbe, pamakhala anyamata ena amene ulendo wawo umathera pakapinga wobiriwira wa bwalo la gofu la Country Club Limbe. Sapita kukasewera ayi. Amakadikirira mabwana kuti awanyamulire zikwama za ndodo.

Anyamatawa, omwe pabwalo la gofu amatchedwa ma caddie, palibe chomwe sadziwa pamasewerowa. Amadziwa komwe mphepo ikuchokera, komwe kapinga wapendekera, komanso ndodo yoyenera kutulutsa m'chikwama pamtunda uliwonse. Bwana akamenyera kampira kutchire, amene amaona pomwe kagwera ndi iwowo. Ena mwa iwo, atati apatsidwe ndodo, mwini chikwama akhoza kuchita manyazi.

Nanga mwana wa kuno kwathu angathe kudyera gofu monga momwe anzake amadyera mpira wamiyendo? Amene adayesapo mpaka kufika patali ali kwa aneba athu ku Zambia, ndipo dzina lake silachilendo m'makutu a Mmalawi. Iyeyu ndi Madalitso Muthiya.

Madalitso adabadwa m'chaka cha 1983 mumzinda wa Kitwe, koma gofu adaphunzirira ku Lusaka. Iye sadayambe ndi kunyamula chikwama cha munthu. Bambo ake, a Peter Muthiya, ankasewera gofu, choncho ndodo zidali m'nyumba momwemo ndipo mwanayo adazigwira akadali wamng'ono. Apa mpoyenera kupasunga bwino chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa.

Asanakwanitse n'komwe zaka 18, mbiri ya mnyamatayu idamupeza yemwe adali mtsogoleri wa dziko la Zambia panthawiyo, Frederick Chiluba. Mtsogoleriyu adapempha mkulu wina wa ku America kuti amupezere mwanayo mwayi wa sukulu m'dzikolo. M'chaka cha 1999 Madalitso adakwera ndege kupita ku Fort Myers m'chigawo cha Florida, komwe adakapambana pampikisano wa achinyamata. Kupambanaku kudamutsekulira khomo la University of New Mexico, komwe ankaphunzira uku akusewerera timu ya sukuluyo. M'chaka cha 2005 adasiya kusewera mongosangalala n'kuyamba gofu ngati ntchito.

Kwa amene sadaponde pabwalo la gofu, masewerowa amayenda chonchi: bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, ndipo wosewera amamenya kampira kuchokera poyambira mpaka kakalowe m'dzenje lililonse motsatana. Kumpira wamiyendo wopambana ndi amene wachulutsa zigoli, koma kugofu wopambana ndi amene wamenya kampirako kochepa. Malamulo salola munthu kunyamula ndodo zoposa 14. Mipikisano ikuluikulu imatenga masiku anayi, kutanthauza maenje 72, ndipo pakatha masiku awiri oyamba chikwanje chimadutsa: amene atsalira m'mbuyo amauzidwa kuti alongedze.

Pamipikisano yonse ya amuna padziko lapansi, ilipo inayi imene wosewera aliyense amailota. Umodzi mwa iyo ndi US Open. Ubwino wa mpikisanowu ngwakuti malo ena amasiyira aliyense waluso amene angapambane pamipikisano yodzigulira malo. Anthu zikwizikwi amayesa chaka chilichonse, koma olowa m'bwalo amakhala 156 okha basi.

M'chaka cha 2006 Madalitso adayesa nawo, ndipo pandime yomaliza ku Ohio adadzigulira malo. Nyuzipepala za ku America zidalemba kuti ndiye adali Mzambia woyamba, komanso munthu wakuda woyamba wochokera mu Africa, kusewera mu US Open. Apo n'kuti ali ndi zaka 23.

Mpikisanowo udachitika kuyambira pa 15 mpaka pa 18 Juni pabwalo la Winged Foot, kufupi ndi mzinda wa New York. Bwaloli ndi lodziwika ndi nkhanza, ndipo chaka chimenecho lidasambula akatswiri osati masewera. Madalitso sadapulumuke chikwanje cha tsiku lachiwiri. Koma sadalongedze yekha. Naye Tiger Woods, yemwe panthawiyo adali katswiri woposa onse padziko ndipo adali atangoika m'manda bambo ake mwezi wa Meyi, adabwerera pomwepo. Aka kadali koyamba kuti Woods alephere kufika masiku awiri omaliza pampikisano waukulu chiyambireni gofu ngati ntchito. Phil Mickelson adatayira chikho padzenje lomaliza penipeni, ndipo chidapita kwa Geoff Ogilvy wa ku Australia.

Wina akadaganiza kuti munthu akafika pamenepo ndiye kuti wawolokeratu. Kugofu sizitero.

Wosewera mpira wamiyendo ali ndi timu imene imamulipira basi, malo ogona ndi malipiro a pamwezi, timuyo ipambane kaya igonje. Wagofu alibe bwana. Tikiti ya ndege, chipinda chogona, chakudya, ndalama yolembetsera mpikisano komanso malipiro a womunyamulira chikwama, zonse zimatuluka m'thumba mwake asanamenye n'kamodzi komwe. Pamipikisano yambiri, chikwanje chikakudutsa tsiku lachiwiri umabwerera chimanjamanja. Zikachitika chotere masabata anayi otsatizana, munthu amayamba kusewera akuganiza za ngongole, ndipo manja a munthu wangongole sachedwa kunjenjemera pamene kampira katsala pang'ono kulowa m'dzenje.

Madalitso adazungulira m'mipikisano ing'onoing'ono ya ku Canada ndi ku America, kenako adabwerera kuno kummwera kwa Africa kudzasewera mu Sunshine Tour, womwe ndi mndandanda wa mipikisano imene likulu lake lili ku South Africa. Chikho chake choyamba mumndandandawu adachinyamula m'chaka cha 2016 pabwalo la Wild Coast Sun, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kuchokera ku Winged Foot padali patadutsa zaka 10 zathunthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sadanene kuti wodikirayo azidya chiyani m'zaka zonsezo.

M'chaka cha 2019 adapambananso Uganda Open pabwalo la m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, ali ndi zaka 36.

Pakati pa anthu 156 amene adasewera ku Winged Foot padalinso mnyamata wina wamtali wa ku Sweden, Henrik Stenson, yemwe adabadwa m'chaka cha 1976 ku Gothenburg. Iyeyu chikwanje chidamuphonya ndipo adasewera masiku onse anayi. Nayenso njira yake siidali yosalala. Ndalama zake zambiri zidalowa m'madzi m'chaka cha 2009 pomwe zidaululika kuti kampani ya Allen Stanford, komwe adaikiza chuma chake, idali yachinyengo. Masewero ake adalowa pansi kotero kuti kumayambiriro kwa 2012 sadalinso m'gulu la osewera 200 apamwamba padziko. Koma adadzuka. M'chaka cha 2013 adakhala pamwamba ku America ndi ku Ulaya komwe, ndipo mu Julayi 2016, chaka chomwe Madalitso adapata chikho chake choyamba cha Sunshine Tour, Stenson adagonjetsa Mickelson yemwe uja pabwalo la Royal Troon ku Scotland n'kutenga chikho cha The Open ali ndi zaka 40. Adali mwamuna woyamba wa ku Sweden kupambana umodzi mwa mipikisano inayi ija.

Tikuti mwamuna chifukwa amayi a m'dzikolo adali atatsogola kalekale. Annika Sörenstam, wobadwa m'chaka cha 1970, adatenga zikho 72 mumndandanda wa amayi wa LPGA ku America, ndipo 10 mwa izo zidali za mipikisano ikuluikulu. M'chaka cha 2001 adamaliza maenje 18 atamenya ka 59 kokha, ndipo mu 2003 adakapikisana ndi amuna ku Texas. Asanatchuke, mayiyu naye adadzera njira yomwe Madalitso adadzera: sukulu yaukachenjede ya ku America, University of Arizona, m'chigawo choyandikana ndi New Mexico.

Chodabwitsa n'chakuti Sweden ndi dziko lozizira koopsa, komwe mabwalo ambiri amakhala otseka miyezi ingapo chifukwa cha chipale. Kuno kwathu munthu akhoza kusewera kuyambira Januwale mpaka Disembala, dzuwa lili ngwee. Koma dzikolo, lomwe lili ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, lili ndi mabwalo a gofu mazanamazana komanso osewera pafupifupi theka la miliyoni. Kumeneko gofu si ya mabwana okha. Makalabu ali ndi magulu a ana ndi aphunzitsi awo, ndipo mwana waluso amakwera makwerero oikidwa kale, kuchokera kukalabu ya kwawo mpaka kutimu ya dziko. Mwana wa ku Sweden sasowa kuti mtsogoleri wa dziko achite kumumvera mbiri. Madalitso adachita mphumi kuti Chiluba adamumva, ndipo mphumi yotere siigwera ana awiri.

Kuno ku Malawi mabwalo a gofu adabwera ndi atsamunda, ndipo malo omwe ali akufotokoza okha mbiri yake. Blantyre Sports Club idayamba m'chaka cha 1896. Ku Zomba, komwe kudali likulu la boma, kuli Gymkhana Club. Ku Thyolo ndi ku Mulanje mabwalo ali pakati pa minda ya tiyi, ku Nchalo ndi ku Dwangwa ali m'minda ya nzimbe, pomwe la ku Limbe lidakula limodzi ndi tauni ya fodya ndi njanji. La maenje 18 lodziwika bwino ndi la Lilongwe Golf Club. M'masiku a atsamunda Mmalawi ankalowa m'malo oterewa kudzatchetcha kapinga kapena kudzanyamula chikwama. Lero amene amasewera ambiri ndi Amalawi: akuluakulu a mabanki, a makampani a mafoni, maloya ndi ochita malonda. Khungu la mwini chikwama lidasintha, koma mtengo wa ndodo ndi wa umembala ukadali wosafikirika kwa banja lodalira geni ya mumsika.

Komabe kunyamula chikwama si kutembereredwa. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, Papwa Sewgolum wa ku Durban adayamba ngati caddie ndipo adakatenga chikho cha Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo komwe adagonjetsa Gary Player pa Natal Open ya 1965, boma la azungu lisanayambe kumutsekereza m'mipikisano. Vincent Tshabalala, yemwenso adayambira kuchikwama, adapambana French Open m'chaka cha 1976. Sewgolum naye sadafike ku Ulaya ndi luso lokha. Padali mkulu wina wamalonda amene ankamunyamulira chikwama, yemwe adamuona akumenya kampira n'kuganiza zomulipirira ulendo.

Dziko lino nalo lili ndi osewera amene amadalira gofu pamoyo wawo. Mayina ngati Paul Chidale ndi Adam Sailesi ndi odziwika kwa otsatira masewerowa, ndipo pali bungwe la Golf Union of Malawi komanso lina loyang'anira osewera gofu ngati ntchito. Vuto n'lakuti mipikisano yambiri ya m'dziko muno ndi ya makampani ofuna kucheza ndi makasitomala awo Loweruka, ndipo mphoto zake zimakhala zikho ndi katundu. Zimenezo n'zabwino kwa bwana wa kubanki, koma munthu amene gofu ndiye munda wake sangalipire lendi ndi chikho. Mipikisano ya mphoto ya ndalama imabwera mwa apo ndi apo.

N'chifukwa chake wosewera wa kuno akafuna kukula amayenera kutuluka: kupita ku Zambia Open, ku Zimbabwe Open, kapena kummawa kwa Africa. Chidale adaseweraponso mu Safari Tour, mndandanda wa mipikisano ya ku Kenya. Koma ulendo uliwonse wotere umayambira pabwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu, ndi tikiti yogulidwa m'kwacha yofooka, kupita komwe chipinda chogona amawerengera m'madola. Pofika Lachisanu madzulo, wosewerayo amakhala atadziwa ngati ndalamayo ibwerere kapena yapita.

Kwa mnyamata wa ku Mpingwe amene amanyamula chikwama ku Limbe, ngakhale tikitiyo ikadali kutali. Choyamba ayenera kupeza ndodo zakezake 14, timipira tophunzirira, nsapato, ndi chilolezo choti aziponda kapinga yemwe uja ngati wosewera. Mwayi wogwira ndodo Madalitso Muthiya adaupeza kudzera mwa bambo ake akadali wamng'ono.