Nsomba zikayamba kufa m'dziwe musathamangire mankhwala

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za matenda a nsomba. Ine ndili ndi maiwe awiri kumunsi kwa dimba langa kuno kwa Nsanama, m'mene ndimaweta makumba ndi chilunguni. M'mawa wina m'mwezi wa October ndinapeza nsomba zoposa 30 zitayandama, mimba zili m'mwamba. Ndinaganiza kuti wina wandithirira mankhwala, ndipo ndinatsala pang'ono kukadandaula kwa amfumu. Mlangizi wa za nsomba atafika anangopisa mkono m'madzi nkundiuza kuti, "Bambo, nsombazi mwapha nokha." Ndinali nditachulutsa zitosi za nkhuku m'dziwemo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndadzifunsa mafunso atatu: nsombazi zikufa nthawi yanji, zikusambira bwanji, nanga pathupi pake pali chiyani?

Vuto loyamba ndi kuchepa kwa mpweya m'madzi, ndipo limeneli si matenda ayi. Tizomera ting'onoting'ono timene timabiriwitsa madzi timatulutsa mpweya masana dzuwa likamawala, koma usiku timaugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsomba. Manyowa akachuluka, tizomerati timachulukanso, ndipo pofika m'bandakucha mpweya umakhala utatha, makamaka nyengo yotentha. Mudzaona nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, pathupi popanda bala, ndipo kawirikawiri zikuluzikulu ndizo zimayamba kufa. Pisani mkono m'madzi. Chikhatho chikabisika madzi atafika pachigongono, madziwo ali bwino. Chikabisika mutangomiza pang'ono, manyowa achuluka. Siyani kuthira manyowa ndi madeya kwa masiku angapo, lowetsani madzi atsopano, ndipo pa nthawi yomweyo vundulani pamwamba pa madzi ndi nthambi kuti mpweya ulowe.

Vuto lachiwiri ndi tizirombo ta pakhungu. Nsomba yogwidwa nato imadzikhula ku udzu kapena m'mphepete mwa dziwe, imasiya kudya ndipo imasambira payokha. Igwireni muione bwino. Mwina mupeza timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pa zipsepse, kapena chuku chonga thonje pamalo pamene mamba anasupuka. Tsegulaninso makha. Makha a nsomba yabwino amakhala ofiira, pamene a yodwala amatuwa ndipo amakhala ndi mamina ambiri. Chukuchi chimavuta kwambiri mu June ndi July, makamaka ngati nsomba tazikoka ndi khoka nkuzigwiragwira kukuzizira.

Pa vuto limeneli mankhwala ake tili nawo m'nyumba: mchere. Sungunulani magalamu 200 a mchere mu ndowa ya malita 20 ya madzi a m'dziwe momwemo. Ikanimo nsomba zochepa kwa mphindi zosapitirira 30, inu muli pomwepo, ndipo nsomba ikayamba kugona cham'mbali itulutseni msanga. Mchere umakoka madzi m'thupi mwa tizirombo tozolowera madzi opanda mchere, pamene makumba amapirira. Anthu a maiko akunja amene amasunga nsomba za m'nyanja ya mchere m'matanki agalasi amachita zomwezi mobweza: amaziviika kwa mphindi zochepa m'madzi opanda mchere. Dziwani kuti timadontho toyera tija sitithera kamodzi, chifukwa tizirombo take timaswana pansi pa dziwe nkubwereranso pa nsomba. Nchifukwa chake dziwe lotere limafunika kuliumitsa mukakolola.

Vuto lachitatu ndilo loopsa kuposa onse, ndipo ndi matenda a zilonda amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS. Matendawa anayamba kuoneka ku Japan m'chaka cha 1971, anafika mu mtsinje wa Zambezi ndi wa Chobe mu 2006, ndipo kuno ku Malawi anapezeka koyamba m'boma la Mchinji mu 2020. Amayamba ndi kachirombo ka mtundu wa chuku kamene kamakhala m'madzi ndipo kamalowa mpaka m'mnofu. Poyamba pathupi pa nsomba pamaoneka madontho ofiira, kenaka madonthowo amasanduka zilonda zakuya zimene zimadya mnofu mpaka minga kuonekera. Amabuka kwambiri kukazizira ndiponso pakagwa mvula yambiri. Musawasokoneze ndi bala la mbalame, ng'azi kapena katumbu, limene limakhala long'ambika ndipo limapezeka pa nsomba imodziimodzi.

Matenda amenewa alibe mankhwala ochiza nsomba m'dziwe. Mchere ndi laimu zimangochepetsa kufala kwake, choncho musataye ndalama zanu pogula makapisozi a anthu nkumathira m'madzi. Mukaona zilonda zotere chitani izi:

Tsekani potulukira madzi kuti asapite ku mtsinje kapena ku dziwe la mnzanu.

Chotsani nsomba zonse zakufa ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya kapena kuzitentha. Za zilonda musadye, musagulitse, musapatse ziweto.

Musasamutse nsomba yamoyo iliyonse, ngakhale yooneka yabwino.

Dziwitsani alangizi a za nsomba kapena a za ziweto tsiku lomwelo. Akafuna kuona nsomba, asonyezeni yodwala imene ikadali moyo, chifukwa yovunda siwathandiza kanthu.

Ife a kuno tiyenera kusamala koposa. Nyanja za Chiuta ndi Chilwa zili pafupi, ndipo matemba ndi milamba zimene timagula pa msika wa Nsanama kapena wa Ntaja ndi zina mwa nsomba zimene matendawa amagwira. Mlimi m'modzi akabisa matenda nkutsegulira madzi ku mtsinje, olira adzakhala asodzi ndi mabanja ambiri. Paja akulu anati ikawola imodzi zawola zonse.

Potsiriza, nazi zimene ine ndimachita popewa. Mbewu ya nsomba ndimatenga kumalo odziwika monga ku Domasi m'boma la Zomba kapena kwa mlimi amene alangizi amutsimikiza, ndipo ndimaisunga payokha masabata awiri ndisanaisakanize ndi zina. Khoka lobwereka ndimalichapa ndi kuliyanika padzuwa mpaka liume gwa. Polowera madzi ndinaikapo sefa kuti nsomba za ku mtsinje zisalowe. Ndikakolola ndimaumitsa dziwe mpaka matope ang'aluke, kenaka ndimawaza laimu wa m'munda, makilogalamu 20 mpaka 40 pa dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali.

Koma choposa zonse ndi kufika padziwe m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke. Nsomba sizilira ngati mbuzi, ndiye mwini wake akachedwa kudzuka amapeza zitayandama kale.